Wodwala wa pa Bedi 14

Lisbon, 6 Okutobala 2014

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi azakhali a Zulmira. Ine kuno ndili bwino, kungoti mvula yayamba msanga. Lamlungu ndinaimba foni kanayi, osayankhidwa. Azakhali akuti foni ya m'nyumba yawonongeka, koma ine ndimakudziwani. Munthu amene ananyamula makalata a anthu zaka makumi atatu mtima wake sungakhale pansi mpaka mwana wake anyambite sitampa. Chabwino, mwapambana, nayi kalata.

Munandifunsa kuti ntchito yatsopanoyi ndi yotani kwenikweni. M'zipatala khumi ndi chimodzi muli timasikirini pambali pa bedi lililonse. Wodwala amaonerapo mpira ndi nkhani, amamverapo wailesi, ndipo mulinso mavidiyo omuphunzitsa za matenda ake. Koma amene anatipanga zikuoneka kuti sanagonepo m'chipatala. Kuti upeze mpira uyenera kudina kasanu ndi kawiri, zilembo zake ngati nyerere. Ine andipatsa ntchito yokonza zonsezi, kuti ngakhale nkhalamba yonjenjemera manja izitha yokha.

Mayina a odwala sindiwaona ayi, ndimangoona nambala ya bedi ndi zimene munthu wadina. Ndiye tamvani izi. Ku chipatala cha m'tauni mwathu, chomwe chija amayi ankagwirako, kuli wodwala wa pa bedi 14 amene wakakamira pa vidiyo nambala 7, yophunzitsa kupuma ndi kutsokomola munthu akachitidwa opaleshoni ya pamimba. Dzulo lokha waionera maulendo makumi awiri ndi atatu, koma safika kumapeto. Ikafika pa mphindi yachinayi amaibweza. Ndinamumvera chisoni, chifukwa n'zachidziwikire kuti sakumva zimene akuuzidwa. Ndinaitsegula n'kuonera mphindi imodzi. Ndi yakalekale, chithunzi chake chachifungafunga, kumangooneka manja a mayi wina atagwira pilo, akulankhula pang'onopang'ono ngati alibe kopita. Ndawauza abwana anga a Gaspar kuti imeneyi ikhale yoyamba kuchotsedwa.

Mundilembere za kumudzi. Makasitanya, mtedza wa m'mitengo uja, ayamba kugwa? Bondo lija likuti bwanji?

Mwana wanu,
Noémia


Ribeira de Urze, 13 Okutobala 2014

Noémia mwana wanga,

Kalata yako ndailandira, ndipo sitampa unaimata mokhota. Kuno tonse tili bwino. Ukaona zilembo zikuvina usadabwe, ndikulembera pa bondo. Makasitanya ayamba kugwa, azakhali ako akutola ndi kudandaula, monga chaka chilichonse.

Ntchito yako ndi yabwino. Za mpira wanena zoona. Ndili ndi mnzanga wina amene wagonekedwa kuchipatalako, dzina lake Amândio, mbusa wa nkhosa wa kuseri kwa phiri. Sadziwa kuwerenga. Tsiku lina anafuna kuonera mpira, anadina, nadinanso, n'kupezeka akuonera za amayi oyembekezera mpaka kumapeto, chifukwa pozimitsira sanapadziwe. Akuti tsopano akhoza kubereketsa munthu.

Koma za munthu wa pa bedi 14 uja, usafulumire. Iwe ukuti sakumva. Wadziwa bwanji? Ine ndinkafikitsa kalata kwa mayi wina wamasiye ku Fontelas, ndipo ndikabwera sabata yotsatira ndinkamupeza akuwerenga yomweyo. Sikuti sankaimva. Kaya ndi zotani za pa bedi 14, ine sindikudziwa, koma vidiyo imodzi yakale ikukupwetekani pati? Isiyeni ikhale pakona. Siidya kanthu.

Uzivala zofunda. Usavutike ndi foni, wokonza akuti abwera mwezi wamawa.

Bambo ako,
Anacleto


Lisbon, 20 Okutobala 2014

Bambo,

Zikomo chifukwa cha kalata, ndipo nkhani ya a Amândio ndawauza anzanga ku ofesi, aseka mpaka misozi. Koma pa za vidiyo 7 mundikhululukire, simukudziwa nkhani yonse. Ndinatumiza mavidiyo akale kwa dokotala amene tikugwira naye ntchito. Wayankha kuti nambala 7 si yakale chabe, ndi yoopsa. Imauza wodwala kuti asadzikakamize kudzuka, agone mpaka thupi limuuze lokha. Umo ndi mmene ankaphunzitsira kale. Lero akuti munthu azidzuka mawa lake lomwe, aziyenda, apo ayi madzi amadzaza m'mapapo ndipo magazi amaundana m'miyendo. Ndiye si nkhani ya kuisiya pakona. Ichotsedwa pa 3 Novembala, tsiku limene tikuyatsa zatsopano.

Inu chilichonse chakale mumachiikira kumbuyo, ngakhale njinga ija yopanda mabuleki. Munthu wa pa bedi 14 akadali pomwepo, sabata yachinayi tsopano, ndipo akuibwerezabe. Ndikaganiza kuti mwina wangogona chagada chifukwa chomvera vidiyo imeneyi, mtima umandiwawa. Ndalembera akuluakulu a wodiyo kuti amuyang'ane.

Chinthu china. Chidindo cha pa envelopu yanu ndi cha m'tauni, osati cha kumudzi. Mumakatani m'tauni, inu amene mumati kumeneko kumanunkha utsi? Ndipo munayamba liti kulemba ndi pensulo? Ngati mwapeza mayi wina kumeneko ingonenani, sindikwiya.

Ndibwera pa 11 Novembala kudzawotcha makasitanya.

Noémia


Ribeira de Urze, 23 Okutobala 2014

Noémia,

Ndine azakhali ako. Moni ndikupatsa ukafika, lero ndilibe nthawi. Ndinalumbira pamaso pa mlongo wanga kuti sindikuuza pa foni, ndipo sindinakuuze pa foni. Za kalata sanatchule.

Bambo ako ali m'chipatala kuyambira pa 24 Seputembala. Anawapeza ndi chotupa m'matumbo, anachichotsa pa 30, ndipo madokotala akuti anachotsa chonse. Foni ya m'nyumba ilibe vuto lililonse, ndinaizula ndine. Makalata ako ndimawatengera ine pa basi. Ankati usadziwe chifukwa ntchito wangoiyamba kumene, ungathamangire kuno n'kuchotsedwa. Ine ndinavomera, ndipo ndinali chitsiru.

Bedi lawo ndi 14. Khala pansi ngati waimirira.

Manja aja ndi a Ilda, mayi ako. Tonse sitinkadziwa kuti chinthu chimenechi chilipo. Tsiku lachiwiri atagonekedwa, namwino anawayatsira kuti aphunzire kupuma opaleshoni isanachitike. Ine ndinali pomwepo ndikusenda lalanje. Ndinangoona munthu wasanduka woyera ngati khoma. Ndinati, "Cleto, ndiitane dokotala?" Iwo anavula mahedifoni n'kundiveka. Mwana wanga, zaka makumi awiri ndi ziwiri chimuikireni m'manda, ndipo anali m'khutu mwanga akundiuza kuti ndigwire pilo pamimba. Lalanje linagwa pansi.

Vuto ndi ili. Sakudzuka. Pali namwino wina wachitsikana, Filipa, woleza mtima kuposa ine. M'mawa uliwonse amabwera: "Bambo Anacleto, lero tifika pa zenera lokha." Iwo amati, "Mkazi wanga wati ndigone mpaka thupi lindiuze." Filipa amati, "Thupi lanu ndi laulesi, silidzakuuzani." Iwo amati, "Iwe unabadwa liti? Ilda anali namwino mu wodi yomwe ino iwe usanamere mano." Amândio wa pa bedi 15 naye amathira mafuta pamoto, amati, "Musiyeni, ndi mwamuna yekhayo m'dziko muno amene amamvera mkazi wake."

Anthu amaseka, koma ine sindikusekanso. Kuyambira Lolemba akutentha thupi ndipo chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Dokotala wati ndi chibayo. Kalata yako yomaliza anaiwerenga, naipinda, naiika pansi pa pilo, ndipo tsiku limenelo sanadye. Anangondifunsa kuti pa 3 Novembala ndi tsiku lanji.

Ine sandimvera, Filipa samumvera. Bwera.

Zulmira


Lisbon, 1 Novembala 2014

Bambo anga,

Ndafika bwino. Masiku asanu ndinakhala pambali panu, koma zenizeni sindinathe kuzinena, ndiye ndikuzilemba. Mwina n'chifukwa chake mumakonda makalata.

Nditalowa mu wodi munandiyang'ana n'kunena kuti, "Zulmira ali ndi pakamwa ngati bokosi la positi lopanda loko." Ndinafuna kukukalipirani, koma munali mutachepa kwambiri pabedipo moti mawu anandithawa. Munaganiza kuti ndakwiya chifukwa cha bodza lija. Ndinakwiyadi, koma chimene chinanditseka pakamwa ndi china.

Bambo, ine mawu a amayi sindinawazindikire. Ndinawamva mphindi yathunthu ku ofesi kuno, khofi ali m'manja, ndipo ndinawaseka m'kalata yopita kwa inu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene anatisiya, ndipo zaka zonsezi ndimaganiza kuti ndimawakumbukira. Nkhope ndimaikumbukiradi chifukwa cha zithunzi. Mawu anachoka liti, sindikudziwa. Mutandiveka mahedifoni aja ndinamvetsera ndi mtima wanga wonse kuti china chake chigwedezeke mkati mwanga, koma anali mawu a mayi wachilendo wokoma mtima. Mpaka pa mphindi yachinayi paja, pamene akulakwitsa mawu, n'kuseka, n'kunena kuti, "Iii, pepani, lilime landipota, ndiyambirenso." Kuseka kumeneko ndiye ndinakudziwa. Ankaseka choncho akapsereza mpunga.

Munatambasula dzanja kuti mubweze, ine n'kuligwira. Munati, "Siya, kutsogoloko kulibe kanthu." Ndinati, "Mwadziwa bwanji, poti simunafikeko?" Munati, "Kumapeto anthu amatsanzika. Ananditsanzika kale kamodzi, n'zokwanira."

Ndikupepesa kuti ndinakukakamizani kuionera mpaka kumapeto, nditazula mahedifoni kuti tonse timve, koma sindikudandaula. Munamva nokha zimene ananena. Sanatsanzike n'komwe. Anati, "Ine ndakuuzani zimene ndikudziwa lero. Koma namwino amene waima pambali panu akukuonani, ine sindikukuonani. Akakuuzani zosiyana ndi zanga, mverani iyeyo." Ndiye a Amândio, amene ankamvetsera zonse ngakhale ankanamizira kugona, anati, "Wamva, Cleto? Mkazi wako wakupereka kwa Filipa. Dzuka, mphongo!"

Masitepe asanu ndi limodzi kukafika pa zenera. Ndinawawerenga. Munatukwana pa sitepe iliyonse, ndipo Filipa anati sanamvepo wa positi wodziwa mawu ngati amenewo.

Tsopano za ntchito, chifukwa munandifunsa kawiri ngati andichotsa. Sanandichotse. Ndinawauza a Gaspar kuti masiku asanu mu wodi andiphunzitsa zimene manambala sanandiuze miyezi itatu. Ndinaona a Amândio akufuna wailesi n'kumadina paliponse ndi chala chonse chophwatalala. Ndinaona bambo wa pa bedi 12 amene sangatukule mkono kufika pa sikirini. Ndinaona kuti anthu amaopa kudina chifukwa akuganiza kuti awononga chinthu cha boma. Tasintha zambiri sabata ino. Koma pa chinthu chimodzi tinakangana. Iwo analemba kale ntchito katswiri wa zisudzo wa kuno kuti awerenge maphunziro onse ndi mawu osalala. Ine ndinati chipatala chilichonse chijambule namwino wake, wolankhula ngati anthu a komweko. Anati zimenezo zichedwetsa ntchito. Tagwirizana kuti tiyese pa wodi yanu yokha, pa phunziro limodzi lokha, ndipo zikakanika ndisadzatchulenso.

Vidiyo 7 ichotsedwabe Lolemba. Sindingaisiye, Bambo, pali anthu ena amene angaimvere ngati mmene munachitira inu, popanda wowagwira dzanja. Koma ndapempha chilolezo kuchipatala, ndipo ndaikopera pa chimbale. Chili m'envelopu momwemu, ndachikulunga ndi katoni. Wailesi yakanema ya kunyumba ikhoza kuchionetsa, azakhali akudziwa podina.

Muziyenda. Filipa ali ndi nambala yanga, ndipo iye sanalumbire kanthu kwa inu.

Noémia wanu


Kuchipatala, 7 Novembala 2014

Mwana wanga,

Taona, lero ndalemba malo enieni pamwamba. Ndili bwino. Kutentha thupi kunasiya Lamlungu. Dzulo ndafika kumapeto kwa khonde n'kubwerera, kawiri, nditagwira chitsulo cha diripi ngati ndikuvina nacho. Akuti Lachitatu ndituluka.

Zinthu zako zinayaka Lolemba m'mawa. Ndikupatsa lipoti, poti ndine kasitomala. Mabatani anayi akuluakulu okhala ndi zithunzi, zimenezo wachita bwino. Amândio anapeza mpira ndi kudina kumodzi, anakuwa ngati wagoletsa yekha. Koma chithunzi cha batani la maphunziro, chija cha buku lotsegula, iye akuti ndi la mapemphero, ndipo salikhudza chifukwa akuti sanafike pofuna wansembe. Uchisinthe. Ndiponso sikirini imazima msanga. Munthu wodwala amaganiza pang'onopang'ono, ukamati udine, yada kale.

Filipa uja anthu anu anamujambula Lachitatu, m'chipinda chosungira mabulangete chifukwa ndi mokhamo mopanda phokoso. Anachita manyazi, anabwereza kasanu. Dzulo anationetsa. Amalankhula mofulumira kuposa mayi ako ndipo manja sadziwa powaika, koma atanena kuti "dzukani, musandichititse manyazi," wodi yonse inaseka chifukwa ndi mmene amatiuzira tsiku lililonse. Munthu watsopano amene wabwera pa bedi 12 anaionera kamodzi n'kufunsa kuti masilipasi ake ali kuti. Ukawauze abwana akowo.

Lolemba lija ndinadzuka ndisanadziwe kuti ndichita bwanji. Ndinafufuza nambala 7, panalibe. Kenako anabweretsa khofi wa mkaka ndi buledi, ndinadya, ndipo Filipa anabwera kudzanditenga. Sindikunama kuti sizinandipweteke.

Za mawu a mayi ako usadzizunze. Wolakwa ndine. Atamwalira ndinatsekera zinthu zake m'kabati, ndipo iwe ukafunsa ndinkayankha mwachidule mpaka unasiya kufunsa. Ndinkaganiza kuti ndikukuteteza. Chaka chino ndachitanso zomwezo ndi chotupa. Zikuoneka kuti nzeru ndili nayo imodzi yokha, ndipo si yabwino.

Pa 11 usabwere, ndidzakhala ndikadali muno. Bwera Loweruka lotsatira. Azakhali ako asunga thumba limodzi la makasitanya.

Bambo ako


Ribeira de Urze, 24 Novembala 2014

Noémia,

Moni wa kuno. Unayenda bwanji pobwerera? Unaiwala sikafu yako pampando, azakhali ako aivala kale, ndiye uiwerengere kuti yapita.

Ndikuyenda mpaka pa tchalitchi tsiku lililonse. Amândio anatuluka Lachisanu, mwana wake anadutsa naye pano ndipo anandisiyira tchizi chonunkha moti Zulmira wachiika panja.

M'phukusili mupeza chimbale chija. Usakhumudwe, ndipo usaganize kuti ndakwiya. Unaona wekha kuti masiku awiri amene unali kuno sindinachitchule, iwenso unachita ulemu osafunsa. Utapita ndinachiika mu makina, ndinakhala pampando, chala chili pa batani. Sindinadine. Kuchipatala kuja ndinali ndi mantha, ndipo ndinkafuna munthu wondidziwa. Kuno ndikachiyatsa ndikudziwa chimene chichitike. Ndidzakhala pampando umenewu mpaka Khirisimasi, kubweza ndi kubweza, ndipo palibe Filipa wodzandizula.

Ine ndinamumva mayi ako zaka khumi ndi zinayi, m'mawa ndi madzulo, akuseka ndi akundikalipira. Iwe unamumva zaka zisanu ndi zinayi, ndipo theka la zakazo unali wakhanda. Chimbalechi ndi chako.

Koma usamudziwe ndi za mapilo zokha. Dzulo ndatsegula kabati ija. Muli makalata makumi anayi ndi awiri amene anandilembera ali ku sukulu ya unamwino ku Porto, ine ndili msilikali. Ena ndi oti mwana sangawerenge, amenewo ndapatula. Otsalawo ndizikutumizira imodzi sabata iliyonse, motsatana, monga mmene ankandifikira ine. Yoyamba ili pansi pa chimbalecho. Akundiuza kuti sangakwatiwe nane chifukwa makutu anga ndi aakulu.

Uwerenge, kenako undifunse chilichonse. Ndiyankha.

Bambo ako,
Anacleto